Kudumpha kwa Azungu ndi kudumpha kwathu

Mwana wa Sitandade 2 pa Lizulu mukamufunsa kuti mawu a Chingerezi akuti jump amatanthauza chiyani, ayankha mosajejema: kudumpha. Ndipo sanalakwe. Mawu amenewa ana amawaphunzirira pabwalo, aphunzitsi akafuula onse n'kunyamuka m'mwamba, fumbi lili koboo. Chisokonezo chimadza pambuyo, mwana uja akasinkhuka n'kuyamba kuwerenga nyuzipepala za Chingerezi ndi mapepala a mayeso. M'menemo apeza kuti mtengo wa feteleza wachita jump, woganiziridwa mlandu wachita jump belo, phungu wa Nyumba ya Malamulo wachita jump sitima imene sanakwerepo chibadwire, ndipo minibasi yofooka batire aichita jump ili chiimire pasiteji. Pa onsewa palibe amene phazi lake lachoka pansi.

Ambirife tinaphunzira Chingerezi monga amachitira osintha ndalama pamsika wa Lizulu: kwacha uku, metikali uku, mawu amodzi kusinthanitsa ndi amodzi anzake. Koma jump sasinthika choncho. Mkati mwake muli maganizo atatu opiringizana. Muli kuchoka pansi kwa thupi, muli kusiya chinthu chapakati chimene umayenera kudzerapo, ndiponso muli kuchitika kwa chinthu mwadzidzidzi. Amene wagwira atatuwa angathe kuyerekeza tanthauzo la chiganizo chimene sanachimvepo, pomwe woloweza kuti jump ndi kudumpha basi amangoti kakasi.

Thupi ndiye poyambira. Ife tili ndi kudumpha, kulumpha ndi kujowa, ndipo tsiku la msika mutha kuwamva onse atatu, malinga ndi kwawo kwa wolankhulayo ndi msinkhu wake. Tikafuna kupinda tanthauzo timasula mawu omwewo: kudumphira m'lole, kudumphitsa mwana ngalande, kudumphadumpha ndi chimwemwe. Mngerezi sasula, amangophatika kamawu kena pambuyo. Jump over ndi kudumpha chinthu, jump off ndi kutsika modumpha, jump into ndi kudumphira m'kati, pomwe jump at ndi kulandira mwayi msangamsanga usanapite kwa wina. Timawu timeneti ndi timene timagwetsa ana ambiri pamayeso, chifukwa timaoneka topanda ntchito chonsecho ndi timene tanyamula tanthauzo.

Kuwonjezera apo Chingerezi chili ndi abale ake a jump, ndipo njira yapafupi yowasiyanitsira ndi kuonerera atsikana akusewera madzulo. Pa phada amajambula mabokosi pansi ndi kamtengo, wina n'kuponya phale m'bokosi loyamba, kenako n'kuyenda ndi mwendo umodzi, winawo ataupinda m'mbuyo, kusamala kuti asaponde mzere. Kudumpha kwa mwendo umodzi kumeneko ndiye hop, ndipo mawu omwewo amawagwiritsanso ntchito pa chule, mpheta ndi chiwala, tonse toyenda modumphadumpha pafupipafupi. Pa jingo awiri amagwira chingwe uku ndi uku n'kumachizunguza, wapakati n'kumachilewa mopepuka, mapazi akungokhudza pansi pang'ono: imeneyo ndi skip. Pa fulaye nkhani ndi ina. Mtsikana wapakati akukokera mchenga m'botolo uku diso lili pa mpira wa majumbo umene anzake akumugenda nawo. Mpira ukabwera chapansi amanyamuka miyendo yonse iwiri, nsalu ataikwinyira m'chiuno. Kumeneko ndiye jump weniweni, ndipo akatambalala n'kuuluka kutali ndi mphamvu zake zonse, Mngerezi anena kuti leap. Mpira uja ukagunda pansi n'kunjanja, ndi bounce. Mphaka wobisalira khoswe kunkhokwe akati mbwandiru, ndi spring kapena pounce. Mnyamata wothawa galu akagwira mpanda ndi manja n'kuponyera thupi kuseri, ndi vault.

Spring yekha ali ndi nkhani yakeyake. Mawu omwewo ndi kasupe wa madzi, ndi chitsulo chopindapinda chimene chimanyamula katundu kunsi kwa galimoto, ndiponso ndi nyengo ya ku Ulaya imene mitengo imaphukira chisanu chikatha. Zikuoneka zotalikirana, koma zonsezo ndi zinthu zotumphuka.

Kumasewera othamanga mawuwa ali ndi malamulo ndi miyeso yake. Pa high jump, kudumpha kopita m'mwamba, palibe mwamuna amene waposa mamita 2.45 amene Javier Sotomayor wa ku Cuba anadumpha mu 1993. Pa long jump, kudumpha kopita kutali, Mike Powell wa ku America anafika mamita 8.95 ku Tokyo mu 1991. Pa triple jump Jonathan Edwards wa ku Britain anafika mamita 18.29 mu 1995, ndipo mpikisano umenewu kale unkatchedwa hop, step and jump: wothamanga amanyamuka n'kutera ndi mwendo womwewo, kenako n'kuponya phazi lalitali kuterera mwendo winawo, pomaliza n'kudumphira mumchenga ndi miyendo yonse. Mphunzitsi wofuna kuti ana asiyanitse hop ndi jump angowachititsa zimenezi pabwalo la sukulu, sadzaiwalanso.

Chodabwitsa n'chakuti pakati pa abale onsewa jump ndi mmodzi wa aang'ono. Leap, hop ndi spring analipo kale m'Chingerezi chamakedzana, zaka zoposa 1,000 zapitazo, pamene jump anayamba kuoneka m'zolembedwa cha m'ma 1500. Akatswiri a mawu amaganiza kuti anabadwa potsanzira phokoso la mapazi akatera pansi, monga achitira anzake akuti bump ndi thump. Ife zotere sitizidabwa, poti Chichewa n'chodzaza ndi mawu otengera phokoso: phi, khu, thi. Pa nthawi ya William Shakespeare tanthauzo lake linali likadayendayenda. M'sewero la Macbeth, limene ophunzira athu a ku sekondale akhala akulimbana nalo, pali pamene jump akutanthauza kuika chinthu pachiswe, osati kudumpha. Lero wamng'onoyo ndiye wa tsiku ndi tsiku, ndipo leap watsalira kwambiri m'mabuku ndi m'zolankhula zapamwamba.

Ganizo lachiwiri, losiya chapakati, ndi limene labala ana ambiri, ndipo ambiri a iwo ndi a milandu. Jump the queue ndi kulowerera pamzere, zimene aliyense amene anafolapo pogula feteleza wotsika mtengo kapena mafuta a galimoto akuzidziwa, pamodzi ndi mfuu umene umatsatira: "Achimwene, mzere wayambira uko!" Jump bail ndi kuthawa belo. Munthu wamangidwa, bwalo la milandu lamulola kuyembekezera mlandu ali kwawo, abale amuimira, tsiku la mlandu lafika iye osaoneka. Zikatero bwalo limalamula kuti amangidwenso, chikole chimapita, ndipo omuimira aja ndiwo amatsala pamoto. Jump the gun anachokera ku mpikisano wothamanga, wina akanyamuka mfuti yoyambitsira isanalire. Ife timati kupupuluma. Jump to conclusions ndi kugamula mlandu usanamve mbali zonse. Jump ship poyamba ankanena wantchito wa m'sitima amene wathawa padoko mgwirizano wake usanathe, koma olemba nkhani athu amawakonda pa aphungu osamuka chipani. Anawalemba mpaka kutopa nawo Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri n'kumutsatira, mkangano wa Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko n'kubuka.

Mmodzi yekha m'banjali ndiye wopanda mlandu: leap year, chaka cha masiku 366. Dziko limazungulira dzuwa m'masiku 365 ndi maola pafupifupi 6, ndipo maola otsalawo akaunjikana zaka 4 amakwana tsiku, limene amaliika pa 29 February. Nanga kudumpha kukubwera pati? Onani tsiku la ufulu wathu. Mu 2022, 6 July inali Lachitatu, mu 2023 inali Lachinayi, koma mu 2024 inagwa Loweruka. Lachisanu linadumphidwa.

Tsono pali mawu amodzi a m'banja lomweli amene pa Lizulu amafunika kuwayang'ana mofatsa: border jumper, wojowa malire. Msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu m'malo ambiri umayenda m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique. Mukamachokera ku Lilongwe, pa Lizulu dzanja lamanzere ndi Malawi, lamanja ndi boma la Angonia m'chigawo cha Tete. Mayi wogulitsa kachewere, kabichi ndi anyezi akhoza kukhala mbali ino, n'kuwoloka msewu kukasintha ndalama yaikulu kwa mnzake tsidya linalo, n'kubwerera kasitomala asanatope kudikira. Mwa lamulo watuluka m'dziko n'kulowanso. Koma kumutcha border jumper n'kuseketsa anthu, chifukwa palibe mpanda, palibe mtsinje, ndipo palibe chimene wazemba. Chipata chovomerezeka chodindira mapasipoti chili ku Dedza ndi pa Biriwiri, koma moyo wa tsiku ndi tsiku wa anthu a m'mbali mwa msewu sudikira chidindo.

Malirewo ndi a dzana. Anakhazikitsidwa ndi pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891, limene linatsata mtandadza wa mapiri wogawa madzi opita ku nyanja ya Malawi ndi opita ku Zambezi. Angoni a kwa Maseko anali atakhazikika kale m'derali, ndipo likulu lawo lakale linali ku Domwe, kumene lero ndi ku Mozambique. Mzere unadutsa pakati pa anthu a mtundu umodzi, ena n'kukhala a Mngerezi, ena a Mpwitikizi. Mfumu yawo, Gomani woyamba, anaphedwa ndi atsamunda a ku Britain mu 1896. Mwana wake, Inkosi Philip Gomani II, amene likulu lake linali pa Lizulu pomwepa, anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 n'kuuza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma. Atsamunda atamuchotsa paufumu n'kubwera kudzamutenga, iye, ngakhale anali wodwala, anawolokera ku Mozambique pamodzi ndi mbusa wa Anglican Michael Scott. Apwitikizi anamubweza m'manja mwa Angerezi, ndipo anamwalira ku chipatala cha Malamulo mu 1954. M'mabuku a boma la nthawiyo anali wothawa wowoloka malire popanda chilolezo. Kwa Angoni inali mfumu yopita kwa abale ake.

Zinadzachitikanso chobwerera. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique itakula, makamaka kuyambira mu 1986, anthu a ku Angonia anakhamukira mbali ino, ndipo pofika 1992, pamene pangano la mtendere linasainidwa ku Rome, Malawi inkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri sanakhale m'misasa, anangomanga m'midzi ya abale awo. Apa Chingerezi chimasintha mawu n'kunena kuti refugee. Phazi ndi lomwelo, njira ndi yomweyo, koma dzina limasintha malinga ndi mmene wolembayo akumuonera woyendayo. Ichi ndicho chiyenera kudziwika pa jump wa gulu lachiwirili: sangofotokoza, amaweruza. Akati wachita jump chinthu, akunena kuti panali njira yoyenera ndipo iwe waizemba.

Kumene mawuwa amalemera zenizeni ndi paulendo wa ku Joni. Basi zochokera kuno zimadzera ku Dedza kapena ku Mwanza, kuwoloka Zambezi ku Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka pa Beitbridge. Opanda mapepala amatsika asanafike pachipata n'kukawoloka Limpopo usiku, kumene kuli ng'ona ndi achifwamba otchedwa magumaguma. Amenewa ndiwo nyuzipepala za ku Zimbabwe ndi South Africa zimawatcha border jumpers, ndipo akagwidwa ambiri amakasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, podikira kubwezedwa. Komabe si onse opanda mapepala ku Joni amene anajowa. Ambiri analowa pachipata ndi pasipoti yabwinobwino, anapatsidwa masiku 30, masikuwo n'kutha iwo osabwerera. Chingerezi chili ndi mawu ena a zimenezo, overstay, ndipo wolemba wosamala sasakaniza ziwirizi.

Anzathu a tsidya la msewu, amene sukulu amaphunzira m'Chipwitikizi, ali ndi saltar ndi pular. N'zochititsa chidwi kuti nawo Apwitikizi anafika paganizo lomwelo paokha. M'zaka za m'ma 1960 anyamata ambirimbiri a ku Portugal ankathawa umphawi ndi usilikali wokakamiza wa nkhondo za ku Angola, Guinea ndi Mozambique, n'kudutsa Spain mozemba kupita ku France. Ulendo wotero ankautcha a salto, kupita modumpha. Pamene boma lawo linkalondera malire a Tete, ana awo anali kujowa malire a kwawo.

Ganizo lachitatu, la mwadzidzidzi, n'losavuta. Mitengo ikachita jump ndiye kuti yakwera kwambiri nthawi imodzi, osati pang'onopang'ono, monga zinachitikira kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023: sopo, shuga ndi thiransipoti zinasintha mitengo sabata isanathe. Munthu akachita jump chifukwa cha kuphulika kwa tayala, ife timati wadzidzimuka, ndipo akanyamuka pampando mwamantha timati wadzambatuka. Wa jumpy ndi munthu wosakhazikika mtima, wongonjenjemera ndi chilichonse. Jump-start ndi ija imachitika m'mawa wa June, chisanu cha ku Lizulu chitalowa m'batire, dalaivala n'kuyenda galimoto ndi galimoto kufunsa kuti, "Akulu, muli ndi majampa?" Amalumikiza nthambo yofiira ku mbali ya pulasi ya mabatire onse awiri, yakuda ku mbali inayo, injini ya galimoto yamoyo ikulira, mpaka yakufayo itsokomole n'kudzuka. Majampa akasowa, kondakitala ndi oitanira amakankha, dalaivala n'kusiya kilatchi mwadzidzidzi.

Tisaganize kuti Chingerezi chokha ndicho chimatambasula mawuwa. Kudumpha kwathu nako kumafika kumene jump safika. Mwana akagona pamphasa mnzake n'kumudutsa pamwamba, agogo amakalipa: "Iwe, usamudumphe mwanayo, sakula! Bwerera!" Wolakwayo amayenera kudutsanso chobwerera kuti afafanize tsokalo. Sanauluke m'mwamba, wangoponya phazi, ndipo Mngerezi apa anena step over. Munthu wotupa mwendo mosadziwika bwino ena amati anadumpha mankhwala otcheredwa panjira. Mayi amene dzina lake silinatuluke pamndandanda wa olandira makuponi amadandaula kwa amfumu kuti, "Ine andidumpha." Mwana wowerenga mothamanga amadumpha mizere, ndipo wanzeru kwambiri aphunzitsi amamudumphitsa kalasi. Pa zonsezi jump salowa bwino. Pamafunika skip, leave out kapena pass over. Ndipo mwana yemweyo akachita skip sukulu, ife sitinena kuti wadumpha, timati wajomba. Womasulira amene sasamala apa ndiye amatulutsa Chingerezi chonunkha Chichewa, kapena Chichewa chonunkha Chingerezi ngati chija timachimva nthawi zina pa nkhani za pawailesi.

Miyambi ndiyo imakumanako pang'ono. Ife timati kulumpha dzenje n'kulionera patali, ndipo Angerezi ali ndi mwambi wolangiza kuyang'ana usanachite leap. Koma wa tsokonombwe, amene anatha mtunda n'kulumpha, ndi wathuwathu. Kwa Mngerezi kudumpha kumanena changu. Ife tinayang'ana kachiwala konenepa kosatha kuuluka, n'kuona kuti kudumpha kungathenso kukhala dzina la kufatsa ndi kupirira.

Mabuku otanthauzira mawu amathandiza, koma ali ndi malire ake. Kuyambira pa buku la David Clement Scott la Chimang'anja la mu 1892, kudzafika pa Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies ndi mabuku a Steven Paas a Chichewa ndi Chingerezi, ntchito yaikulu yagwiridwa. Koma buku lotere limandandalika matanthauzo, silingakuuze kuti pachiganizo chili patsogolo pakocho usankhe liti. Chimene ndimaona chikusowa m'makalasi mwathu ndi chizolowezi chophunzitsa mawu ali ndi anzawo. Mwana amene Chingerezi chimagamula ngati apambane mayeso a MSCE kapena ayi sayenera kulemba m'kope kuti jump ndi kudumpha n'kulekera pomwepo. Alembe jump the queue, jump bail, prices jumped, chilichonse ndi Chichewa chake chimene iye amalankhula kunyumba: kulowerera, kuthawa, kukwera. Lamulo la maphunziro la mu 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, koma silinachotse Chichewa m'mutu mwa mwana, ndipo mphunzitsi amene amachigwiritsa ntchito poyerekeza ziyankhulo ziwirizi sakuchedwetsa kalasi.

Watsala mmodzi amene amanamiza ngakhale odziwa Chingerezi bwino. Pamulu wa kaunjika, miyezi yozizira ikayandikira, chovala chimene chimayenda malonda pa Lizulu ndi juzi. Ku Britain juzi amaitcha jumper. Ku America mawu omwewo ndi diresi yopanda manja yovalira pamwamba pa bulauzi, ngati yunifolomu ya atsikana m'sukulu zina, ndipo juzi amaitcha sweater. Kaya ku Britain kaya ku America, chovalacho sichikhudzana ndi kudumpha. Akatswiri ambiri amati dzinali linachokera ku jekete lalifupi limene kale linkatchedwa jump, kuchokera ku mawu a Chifalansa akuti jupe, amenenso anachokera ku Chiarabu jubba, mkanjo wautali. Juzi yathu nayo inayenda ulendo wake: ndi jersey, dzina la chilumba chaching'ono cha pakati pa England ndi France chimene anthu ake ankadziwika ndi luso loluka zovala zaubweya.